Alangizi a pa Msasa: Zaka 50 za Kusunga Ana a Eni

M'kabuku kano ka chikondwerero cha zaka 50 mupezamo maina a abusa amene anatumikira pakati pathu, mbiri ya kumanga tchalitchi, ya Umanyano, ya Madodana ndi ya makwaya. Ife tinapatsidwa gawo lina limene chithunzi chake sichipachikidwa pakhoma, ndilo ntchito ya alangizi a pa msasa wa achinyamata. Awa ndi amayi, abambo, anyamata ndi atsikana okhwima nzeru amene chaka ndi chaka amasiya makomo awo kwa masiku angapo, kukagona pa mphasa m'kalasi kapena m'chisakasa cha udzu pamodzi ndi ana a eni. Sadzozedwa, salipidwa, ndipo pa lipoti la chaka amangotchulidwa mu mzere umodzi. Koma ambiri a ife amene lero tili akulu a mpingo, madikoni ndi aphunzitsi a Sande Sukulu tinadutsa m'manja mwawo.

Tinene kaye chimene tikutanthauza. Msasa ndi msonkhano wa pa tchuthi cha sukulu, pamene ana ndi achinyamata a m'mavesitili onse amasonkhana malo amodzi, kugona komweko, kudya za mumphika umodzi, kuphunzira Mawu, kuimba, kusewera ndi kulangizidwa. Ana a masiku ano amati kampu. Wolalikira amabwera, nalalikira, napita kukagona kunyumba ya mkulu wa mpingo. Mlangizi sapita kulikonse. Iye ndiye amatsala ndi ana nyali ikazima.

Kumene mwambowu unachokera

Olalikira amakonda kutsegula msasa ndi Levitiko 23, pamene ana a Israele analamulidwa kukhala m'misasa masiku asanu ndi awiri. Zimenezo n'zoona, koma njira imene mwambowu unadzera kuti ufike kuno kwa Mwase ndi yaifupi kuposa pamenepo.

Mpingo wathu ndi mphukira ya Livingstonia Mission, imene inafika ku Nyanja ya Malawi mu 1875. Mu 1898 m'busa wa ku Scotland, Donald Fraser, anaitanitsa msonkhano waukulu wa masiku angapo ku Ekwendeni, potengera nyengo za Mgonero za ku mapiri a kwawo, kumene anthu ankachoka m'midzi yakutali kukakhala pamodzi asanayandikire gome la Ambuye. Anafika anthu zikwizikwi. Atasamukira ku Loudon mu 1902, kumene lero timati Embangweni, misonkhanoyo inapitirira. Nyumba zokwanira khamu lotere kunalibe, choncho alendo ankasenza ufa wawo ndi kukagona m'misasa ya mitengo ndi udzu. Fraser ankalimbikitsa Angoni ndi Atumbuka kupeka nyimbo m'maimbidwe akwawo, ndipo zina mwa nyimbo zimene timaimba m'buku la Sumu za Ukhristu zinabadwira m'misonkhano imeneyo. Embangweni si kutali ndi kuno. Sukulu za m'midzi ya dera lino zinkayang'aniridwa kuchokera ku Loudon mpaka pamene mishoni ya Chasefu inatsegulidwa mu 1922. Motero makolo athu anazolowera kale kuti Mawu a Mulungu ukhoza kuwatsata ndi mphasa pamutu.

Koma misonkhano ya Fraser inali ya akuluakulu. Nzeru yotenga ana okha kupita nawo ku msasa inadzera njira ina. Mu 1883 mphunzitsi wa Sande Sukulu wa ku Glasgow, William Alexander Smith, anayambitsa Boys' Brigade, chifukwa anyamata a m'kalasi mwake ankamusowetsa mtendere. Mu 1886 anawatenga kukachita msasa woyamba ku Tighnabruaich, ndipo makolo a kumeneko anali ndi nkhawa yomweyo imene makolo a kuno anadzakhala nayo pambuyo pake. Mu Ogasiti 1907 Robert Baden-Powell anachita msasa wa anyamata pafupifupi 20 pa chilumba cha Brownsea, ndipo pamenepo panayambira gulu la Scouts. Ku America misasa ya nyengo yotentha inakula n'kusanduka ntchito yeniyeni, mwakuti ophunzira a m'makoleji amalembedwa ntchito ya ulangizi kuyambira Juni mpaka Ogasiti ndipo amalandira malipiro. Kwa ife zafika mluzu, kufola pamzere ndi kugawa ana m'timagulu. Malipirowo anatsala kutsidya la nyanja.

Muzu wachitatu ndi wa kwathu konkuno, ndipo ife tikuona kuti ndiwo wozama koposa. Kale mwana akasinkhuka sankagonanso m'nyumba ya makolo ake. Anyamata ankagona ku mphala, atsikana ku nthanganeni, kumene ena amati gowelo, ndipo kumeneko wamkulu ankaongola wamng'ono. Mtsikana akatha msinkhu sankalangizidwa ndi mayi ake omubala, koma ndi anamkungwi, agogo kapena azakhali. Pali mawu amene kholo silinganene kwa mwana wake, ndipo mudzi unkadziwa kuti mawuwo ayenera kunenedwa ndithu, ndi munthu wina wodalirika. Mpingo utakana zina za m'chinamwali sunathe kukana chosowacho. Unasankha amayi ndi abambo achikhristu kuti azilangiza, ndipo dzina lakuti mlangizi linakhazikika. Pamene misasa ya achinyamata inayamba, dzinalo ndi ulemu wake zinali zilipo kale.

Zaka zoyamba

Mpingo wathu unakhazikitsidwa tili pansi pa Sinodi ya Livingstonia, zaka zimene m'busa mmodzi ankayendera dera lalikulu pa njinga, ndipo vesitili ina inkamuona pa nthawi ya Mgonero yokha. Sinodi ya Zambia inakhazikitsidwa ku Lundazi mu 1984, ili ndi abusa owerengeka. M'nyengo yotere ntchito ya achinyamata sikanadikira m'busa. Anaisenza aphunzitsi a sukulu za pulaimale, amayi a Umanyano ndi akulu a mpingo ochepa amene anali ndi mtima wa ana.

Chovuta choyamba sichinali chakudya ayi, koma makolo. M'zaka za m'ma 1970 boma linkatumiza achinyamata omaliza Fomu 5 ku makampu a Zambia National Service, kukaphunzira zausilikali ndi zaulimi kwa miyezi yambiri. Mawu akuti kampu ankamveka ngati yunifolomu, mfuti ndi mwana wobwerako ataonda. N'chifukwa chake akulu athu anaumirira pa mawu akuti msasa. Mwana wamwamuna makolo ankamulola mosavuta. Wamkazi inali nkhani ina. Bambo ankafunsa funso limodzi lokha: adzagona ndi yani? Yankho silinkakhala ndondomeko ya maphunziro kapena dzina la wolalikira, linkakhala dzina la mayi wodziwika m'mudzimo. Mayiyo ankapita yekha pakhomo, kugwada, kupempha mwanayo, ndi kulonjeza kuti adzamubweza yekha m'manja mwa eni ake. Msasa ukatha ankayendadi khomo ndi khomo kutula ana. Atsikana oyamba amene anapita ku msasa anapita pa dzina la amayi amenewa, ndipo dzina la munthu m'mudzi ndi chuma chimene sichibwerera chikatayika.

Mwezi wa Ogasiti sunasankhidwe mwangozi. Tchuthi cha Epulo ana ali kumunda, kukumba nsawa ndi kuyamba kukolola. Tchuthi cha Disembala mvula yagwa, aliyense ali ndi khasu, mitsinje yadzaza, ndipo m'nkhokwe zambiri chimanga chayamba kuchepa. Mu Ogasiti nkhokwe zadzaza, thonje ndi fodya zagulitsidwa, udzu wauma ndipo njira zikupitika. Choipa chake ndi mphepo ndi fumbi, komanso kuzizira kwa mbandakucha kumene mwana wofunda chitenje chimodzi amakumva mpaka m'mafupa. Tsikulo limayeneranso kupewa Loweruka lomaliza la mweziwo, pamene Achewa amapita ku Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete, kwa Kalonga Gawa Undi. Kuyambira 2016 masankho a dziko amachitika Lachinayi lachiwiri la Ogasiti pa zaka zisanu zilizonse, ndipo makalasi amene timagonamo ndi omwewo amene anthu amavoteramo. Chaka chotero msasa umasunthidwa, ndipo lamulo limakhala lakuti chitenje kapena malaya a chipani asalowe pa msasa.

Zokonzekera zinkayamba sabata yathunthu msasa usanatsegulidwe. Anyamata ankadula mitengo, atsikana ankamweta udzu, abambo ankakumba zimbudzi ndi kumanga mabafa, mbali ya amuna ndi mbali ya akazi motalikirana. Ufa, nyemba, nsawa, mfutso ndi nkhuni zinkabwera pa ngolo za ng'ombe. Vesitili yolemera inkaonjezapo mbuzi. Alangizi akale anaika mwambo umene tikuusungabe ndipo tiyenera kuunyadira: ufa wonse umene ana abweretsa umathiridwa m'matumba amodzi tsiku loyamba lomwelo, kuti pasadziwike amene wabwera ndi chitini chodzaza ndi amene wabwera ndi kambale. Mwana wamasiye ndi mwana wa mphunzitsi amadya nsima yofanana.

Tsiku la mlangizi

Amene sanagwirepo ntchitoyi amaganiza kuti mlangizi ndi munthu woyankhula. Kuyankhula ndi gawo laling'ono. Tsiku limayamba cha m'ma 5 koloko, chitsulo cha gudumu chopachikidwa pamtengo chisanalire, pakuti mlangizi ali ndi ntchito zina zofunika kuzimaliza ana asanadzuke. Pa kagulu kalikonse ka ana aang'ono sipalephera kukhala mmodzi amene wanyowetsa mphasa usiku. Mlangizi wabwino amamudzutsa mwakachetechete, natulutsa mphasayo kunja kukadali mdima, kuti anzake asadziwe. Mwana amene wasekedwa pa chifukwa ichi tsiku loyamba sabweranso ku msasa, ndipo nthawi zina sabweranso ku tchalitchi.

Chitsulo chikalira pamabwera kuwerenga mitu. Mlangizi amawerenga ana ake podzuka, popita kumadzi, pobwerako, pa chakudya, pa mapemphero a madzulo ndi pogona. Amawadziwa maina, midzi yawo ndi makolo awo. Pa nthawi ya chakudya saima patali. Amaima pafupi ndi mphika wa ndiwo, chifukwa akapanda kutero anyamata akuluakulu amatha nyama, aang'ono n'kutsala ndi msuzi. Iye amadya pomaliza, ndipo kawirikawiri amapeza nsima itazizira.

M'mawa ndi nthawi ya Baibulo m'timagulu, pansi pa mitengo ya mango. Apa pali luso lina la kuno kwathu. Ambiri a ife kunyumba timayankhula Chitumbuka, kusukulu ana amaphunzira Chinyanja, ndipo a ku sekondale amafuna kuonetsa Chingelezi chawo. Pa mphasa imodzi pamapezeka Buku Lopatulika, Baibulo la Chitumbuka ndi la Chingelezi. Mlangizi amadumpha kuchoka ku chinenero china kupita ku china m'chiganizo chimodzi, ndipo amadziwa kuti funso lofunsidwa m'Chingelezi kawirikawiri ndi lofuna kumuyesa, koma lofunsidwa chapansipansi m'chinenero cha kunyumba ndi lochokera mumtima. Ana aang'ono amamuitana amama kapena adada, ngakhale iyeyo asanakwatire n'komwe.

Masana ndi a mpira, netibolo, masewero a m'Baibulo ndi kuphunzira nyimbo zatsopano. Apa ntchito ndi kuleretsa ndewu, kumanga zilonda za zala zopunthwa, ndi kufufuza sopo kapena patapata wosowa popanda kumutcha mwana wa munthu wakuba pamaso pa anzake. Pamakhalanso tsiku lopita m'midzi kukathandiza okalamba, kuwatungira madzi, kuwatemera nkhuni ndi kuwasesera pabwalo. Agogo ambiri a kuno anaudziwa msasa chifukwa cha mtolo wa nkhuni wosiyidwa pakhomo.

Chilangizo chenicheni chimachitika madzulo, anyamata paokha, atsikana paokha, ndiponso mogawa misinkhu, pakuti zoyenera kumva mtsikana wa giredi 11 si zoyenera wa giredi 5. Nthawi zina mtsikana amatha msinkhu ali pa msasa pomwepo, kutali ndi agogo ake, ali ndi mantha. Amatironi amamutengera pambali, namuthandiza, namuuza zoyamba zofunika, ndipo msasa ukatha amapita naye okha kukauza azakhali ake monga mwa mwambo. Nkhaniyo siimveka kwina kulikonse.

Kenaka usiku. Mlangizi wamkazi amayala mphasa yake mopingasa pakhomo, kuti wotuluka kapena wolowa amudumphe. Abambo amasinthana kulondera kunja ndi tochi, atakhala pa moto, chifukwa kumene kwasonkhana atsikana ambiri anyamata a m'midzi yozungulira salephera kuzungulirako. Usiku ndi pamene malungo amayamba, pamene wa matenda a kugwa amagwa, pamene chinkhanira chimaluma, pamene wamng'ono amalira kufuna amayi ake. Misasa yambiri inachitikira kutali ndi chipatala, ndipo alangizi aamuna anapalasa njinga mumdima, mwana wotentha thupi atamangidwa ndi chitenje kumbuyo, mayi akuthamanga pambali. Kukacha anthu omwewo ankakhala pa mphasa kutsegula Baibulo ngati agona bwino.

Zaka za maliro

Palibe nyengo imene inasintha ntchito ya alangizi kuposa nyengo ya Edzi. Matendawa anadziwika m'dziko lino m'zaka za m'ma 1980, ndipo mu 1987 Pulezidenti Kenneth Kaunda ananena poyera kuti mwana wake anamwalira nawo. Kwa ife kumudzi anafika mwakachetechete, ndi abale obwera kuchokera ku Lusaka ndi ku migodi atadwala. Pofika m'zaka za m'ma 1990 panalibe vesitili imene sinaike m'manda mphunzitsi, woimba kwaya kapena mtsogoleri wa achinyamata. Ena mwa alangizi athu achangu anapita m'zaka zimenezo.

Ana amene ankabwera ku msasa anasintha. Ambiri anali amasiye, oleredwa ndi agogo, ena akusamalira okha abale awo aang'ono. Mafunso awo madzulo sanalinso a masewera. Apa mu mpingo munabuka kusiyana maganizo kumene okalamba akukukumbukira bwino. Ena ankati nkhani za thupi siziyenera kutchulidwa pa msonkhano wa Mulungu, ndipo kuzitchula ndi kuphunzitsa ana zoipa. Ena ankati ana akumva kale nkhanizo kumsika ndi kumadansi, ndipo akuzimva molakwika. Onse awiri ankakonda ana. Koma amene anapambana ndi amayi alangizi, pa chifukwa chimodzi chosavuta kumva: iwo ndiwo ankasambitsa odwala ndi kugona pa maliro, ndipo panalibe mkulu wa mpingo amene akanawauza kuti sakudziwa chimene akunena. Kuyambira pamenepo anamwino ndi alangizi a zaumoyo anayamba kuitanidwa ku msasa, kukhala pansi ndi achinyamata, mlangizi wa mpingo ali pomwepo.

Mankhwala otalikitsa moyo atayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma cha m'ma 2005, panabwera ntchito ina yatsopano. Ana obadwa ndi kachilombo anayamba kukula ndi kufika msinkhu wopita ku msasa. Mwana wotere ayenera kumwa mankhwala ake pa ola lake tsiku lililonse, ndipo safuna kuti anzake a pa mphasa aone botolo. Agogo ake amanong'oneza mlangizi mmodzi yekha. Mlangiziyo amasunga botolo m'chikwama chake, ndipo ola likakwana amamutuma mwanayo kanthu kena, kukatenga kapu kapena kukaitana munthu, kuti akumane kuseri. Pali achinyamata mu mpingo uno, ena ali pabanja tsopano, amene chinsinsi chawo chinasungidwa motero kwa zaka, ndipo mpaka lero palibe amene anachimva.

Pa nkhani ya chinsinsi alangizi anaphunzira kusiyanitsa. Zambiri zimene mwana amaulula usiku zimathera pomwepo ndi pemphero. Zina zimafuna m'busa. Koma pali zina zimene kuzisunga ndi kumupereka mwanayo m'manja mwa womuzunza, monga pamene mtsikana anena kuti wachibale wa m'nyumba momwemo amamugwira. Kale nkhani zotere zinkakambidwa pa banja, n'kuthera pa mbuzi. Lero alangizi amauzidwa momveka kuti mlandu wotere ndi wa apolisi a Victim Support Unit ndi a zosamalira anthu, ndipo ana amaphunzitsidwa nambala yaulere ya 116. Mlangizi amene watengera nkhani yotere kutsogolo amadana ndi mudzi wonse kwa kanthawi. Sesheni iyenera kuima naye, chifukwa akasiyidwa yekha kamodzi palibe mlangizi wina amene adzayerekezenso.

Zina zimene zinasintha

Chilala cha 1992 chinatidyetsa nsima ya chimanga chachikasu, ndipo misasa ya nthawi imeneyo inafupikitsidwa. M'zaka zomwezo, dziko litalengezedwa kuti ndi lachikhristu mu Disembala 1991, mipingo yatsopano inachuluka, ndi makiyibodi, zokuzira mawu ndi mapemphero a usiku wonse. Achinyamata athu a CYF, makamaka amene anazolowera misasa ya Scripture Union ku sekondale, anafuna zomwezo. Alangizi ndiwo anakhala pakati, kupempha akulu kuti alole ng'oma ndi makorasi, ndi kuuza achinyamata kuti mwana wa zaka 10 ayenera kugona ngakhale Mzimu atagwa motani.

Shamu nayonso inachoka. Alangizi oyamba ambiri anali aphunzitsi, ndipo kakamtengo sikankasowa m'manja. Boma linaletsa kukwapula ana m'sukulu mu 2003, ndipo lamulo la ana la 2022, Children's Code Act, linaletsa chilango chomenya mwana ndi kufuna kuti mabungwe osunga ana akhale ndi ndondomeko zowateteza. Chilango cha pa msasa lero ndi kutsuka miphika kapena kukhala pambali nthawi ya mpira. Ena amadandaula kuti ana apulupudza. Ife taona kuti mlangizi amene ana amamukonda sankafuna shamu ngakhale kale. Lamulo lina limene linabwera ndi lakuti mlangizi asakhale yekha ndi mwana mmodzi m'chipinda chotseka, ndipo mwamuna asalangize mtsikana popanda mayi pafupi. Limateteza mwana, limatetezanso dzina la mlangizi.

Makalata achikondi amene amatironi ankalanda m'mabuku a nyimbo analowedwa m'malo ndi foni. Poyamba mafoni ankasonkhanitsidwa m'thumba tsiku loyamba. Tsopano Baibulo la ana ena lili m'foni momwemo, pamodzi ndi Facebook ndi WhatsApp, ndipo makolo amafuna kumva mawu a mwana wawo madzulo. Nkhaniyi sinathe, ndipo komiti iliyonse imaiyambanso. Ubwino wake ndi wakuti mwana akadwala usiku lero timaimbira njinga yamoto, ndipo chilengezo cha msasa chimene kale chinkayenda ndi kalata ya pamanja tsopano chimamveka pa Radio Chikaya.

Nkhani imene inatenga nthawi yaitali ndi ya atsikana amene anaberekera pakhomo. Mu 1997 boma linalola kuti mtsikana wotenga mimba abwerere kusukulu akabereka. Sukulu itatsegula khomo, funso linafika kwa ife: kodi ku msasa abwere? Ena ankaopa kuti adzaononga anzake. Amayi alangizi anayankha kuti mwambo wa mpingo uli m'manja mwa sesheni ndipo ukhale momwemo, koma msasa si bwalo la milandu, ndipo amene akusowa chilangizo koposa onse ndi yemweyo amene tikufuna kumutsekera kunja. Anaonjezanso kuti mnyamata wopereka mimbayo palibe amene ankamufunsa pachipata. Atsikana otere atayamba kubwera, mwana ali kumbuyo, anakhala aphunzitsi oposa ife, chifukwa mawu awo anzawo ankawamva.

Ogasiti ndi mwezinso wa maukwati, pakuti ndalama za thonje ndi soya zili m'manja ndipo malowolo amapezeka. Alangizi amadziwa msanga mtsikana amene sadzabwerera kusukulu mu Seputembala, chifukwa amaulula yekha pa msasa, akulira. Kale mlangizi ankangopita kukachonderera makolo. Lero ali ndi pomugwira. Kalonga Gawa Undi ndi mafumu ena akhala akudzudzula maukwati a ana, maphunziro ndi aulere mpaka giredi 12 kuyambira 2022, ndipo kusintha kwa lamulo la maukwati mu Disembala 2023 kunanena kuti ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 si ukwati, ngakhale utamangidwa mwa mwambo wa kumudzi. Komabe lamulo lili pa pepala ku Lusaka. Amene amakhala pa mpando wa pakhomo kuyang'anana ndi bambo amene walandira kale ng'ombe ndi mlangizi uja, pamodzi ndi anyakwawa ngati avomera kumuperekeza.

Mu 2020 mliri wa COVID-19 unatseketsa sukulu m'mwezi wa Marichi ndi kuchepetsa misonkhano, ndipo msasa sunachitike. Alangizi ena anayenda okha m'midzi kukaona ana a m'magulu awo, ndipo amene anawapeza ali ndi mimba kapena atakwatiwa m'miyezi imeneyo anatsimikizira ngakhale okayika kuti sabata imodzi ija pa chaka si yosewera. Chilala cha 2024, chimene boma linachilengeza kuti ndi ngozi ya dziko lonse mu Febuluwale, chinabweza funso la ufa, ndipo mabanja amene anakolola pang'ono anathira m'thumba limodzi lija m'malo mwa amene sanakolole.

Pamene tafika lero

Ana sakuchepa. Chaka chilichonse amabwera ambiri kuposa chaka chatha, ndipo makolo amene kale tinkawagwadira tsopano amawabweretsa okha. Amene akuchepa ndi alangizi. Amayi amene anayamba ntchitoyi ali atsikana akalamba, ndipo msana wa zaka 70 sugonanso pa simenti. Achinyamata amene akanalowa m'malo mwawo ali ku Chipata, ku Lusaka ndi ku makoleji, ndipo otsala kumudzi mu Ogasiti ali pa mzere wa FRA kugulitsa chimanga kapena ali kudimba. Zikatere mlangizi mmodzi amapatsidwa ana ochuluka kuposa amene angathe kuwawerenga mumdima, ndipo zonse zimene tafotokoza pamwambapa, mphasa yonyowa, botolo la mankhwala, mtsikana wolira pakona, zimamudutsa osaziona.

Pachifukwa ichi pempho la komiti ya achinyamata pa chikondwerero chino ndi lakuti vesitili iliyonse ipereke anthu awiri, mayi ndi bambo, kapena mtsikana ndi mnyamata wopitirira zaka 21 wa mbiri yabwino, amene makolo a m'mudzi mwake angamupatse mwana wawo osafunsa kawiri. Maina afike kwa mlembi wa sesheni Pasaka isanafike, kuti pa tchuthi cha Epulo akhale pansi ndi alangizi akale, ndi anamwino, ndi m'busa, aphunzire ntchitoyi asanaisenze. Mabanja a alangizi nawonso tiwakumbukire, pakuti mayi akapita ku msasa pakhomo pamatsala ana ake ndi ziweto. Umanyano wa vesitili iliyonse ukonze amene adzayang'anira khomo limenelo sabata imeneyo, ndipo Madodana aonjezere mabulangete ndi matochi pa zimene amapereka.